Hamala isanagwe: zimene munthu amaphunzira kuti azigulitsa pa okushoni

Achinyamata ambiri amene amabwera kudzandifunsa za ntchito yogulitsa katundu pa okushoni amakhala atatengeka ndi liwiro la pakamwa. Anaimapo ku Kanengo nyengo ya fodya, anamva munthu akukhuthula manambala ngati mvula pamalata, ndiye amayesa kuti ntchito yonse ndi imeneyo. Ntchitoyi ndinaiphunzira, ndaigwira, ndaonanso ena akuiphunzira, ndipo pakamwa ndi mbali yaing'ono chabe. Wogulitsa pa okushoni amakhala atasenza katundu wa eni ndi ndalama za eni. Nthawi iliyonse ayenera kudziwa mtengo umene wafika, amene waupereka, ndi zimene zalembedwa papepala. Ambiri amene anaisiya ntchitoyi mwamanyazi sanagwe chifukwa cha lilime lolemera ayi, anagwa pa zinthu zitatu zimenezi.

Sukulu zodziwika za ntchitoyi zili ku America, monga Missouri Auction School imene inayamba mu 1905, ndi World Wide College of Auctioneering imene inayambira ku Iowa mu 1933. Maphunziro ake ndi a masiku owerengeka, sapitirira milungu iwiri. Ku South Africa nakonso maphunziro otere alipo. Kuno kwathu njira yozolowereka ndi kulowa pansi pa munthu amene wakhalitsa pantchitoyi: mumayamba ndi kunyamula katundu ndi kumata manambala, kenako mumakhala kalaliki, hamala yomenya potsiriza malonda imabwera pamapeto. Kaya mwadzera kusukulu kaya mwadzera mu shedi, zoyamba kuphunzira ndi zomwezo.

Choyamba ndi kuwerenga. Musachinyoze. Mumaima, mapazi motalikirana pang'ono, n'kumawerenga mokweza m'mateni mpaka handiredi, kenako kubwerera m'mbuyo mpaka pa teni. Mukatero m'mafaifi. Mukatero mwa twente faifi: twente faifi, fifite, sevente faifi, handiredi, wani twente faifi, mpaka faifi handiredi, n'kubwereranso. Chovuta kwambiri ndi cha thu ndi hafu, ndipo n'chimene chimasonyeza ngati mutu ndi pakamwa zikuyendera limodzi. Mphindi 20 m'mawa ndi 20 madzulo, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi itatu, manambala amayamba kubwera okha. Cholinga chake n'chakuti mutu wanu umasuke. Tsiku la okushoni maso anu amakhala pa anthu 80, khutu lili kwa wokuthandizani, maganizo ali pa mtengo umene mwini katundu anakana kutsikira. Ngati panthawiyo mukufunanso kuganiza kuti pambuyo pa 275 pamabwera chiyani, mwasokonezeka kale.

Njira ina yoyeserera ndi kugulitsa mapolo a magetsi. Mukakhala mu minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni, polo iliyonse imene mwaidutsa ikhale munthu amene wakweza dzanja, ndipo chamumtima muzikweza mtengo. Minibasi ikathamanga muthamange nayo, ikaima pasiteji mupitirize kupempha mtengo womwewo osakweza. Apo mumaphunzira chinthu chofunika: mtengo sukwera chifukwa pakamwa pafuna, umakwera chifukwa dzanja lakwera.

Kuitanira kwenikweniko kuli ndi manambala awiri okha, imene muli nayo ndi imene mukufuna. Mawu ena onse ndi ongolumikizira kuti kayimbidwe kasaduke. Mwachitsanzo: "Ndili ndi fifite, ndani sikisite? Fifite ili apa, sikisite, sikisite, ndipatseni sikisite. Sikisite ndalandira kumbuyo uko, tsopano sevente." Ophunzira ambiri amakonda kuchulukitsa mawu olumikizirawa kuti amveke akatswiri, mapeto ake nambala imamira. Mayi amene wabwera kudzagula firiji koyamba akapanda kumva mtengo sakweza dzanja, amaopa, ndipo mwataya wogula. Yambani pang'onopang'ono, nambala iliyonse izimveka ngati belu la kutchalitchi. Liwiro limabwera lokha pakapita chaka.

Pali msampha umodzi wa pakamwa pathu umene sukulu zakunja sizingakuuzeni mokwanira. Ndalama timazitchula m'Chingerezi cha lilime lathu, ndipo fifitini ndi fifite zimamveka chimodzimodzi pa sipika yolira m'shedi ya malata. Sikisitini ndi sikisite, eyitini ndi eyite, chimodzimodzi. Ndaonapo wogula akubwera patebulo la kalaliki ndi K15,000 m'manja pomwe papepala palembedwa K50,000, onse awiri akulumbira kuti akunena zoona. Mankhwala ake ndi apafupi: pa manambala amenewa muzibwereza motchula imodziimodzi, "fifitini, wani faifi", kapena "fifite, faifi ziro", ndipo musanamenye hamala tchulani mtengo wonse ndi sauzande wake. Pa galimoto anthu amakonda kunena kuti mamita, koma inu pomaliza nenani miliyoni momveka.

Mawu azichokera m'mimba, osati pakhosi. Ikani dzanja pamchombo, mukapuma mimba izituluka, mapewa asakwere. Wofuula ndi pakhosi amasasa mawu pa loti ya 60, pomwe patsala maloti 200 (loti ndi chinthu kapena gulu la zinthu zogulitsidwa pa nambala imodzi). Imwani madzi osazizira pang'onopang'ono, makamaka mu Okutobala pamene shedi imatentha ngati uvuni ndipo fumbi limalowa paliponse. Zakumwa zozizira kwambiri muzisunge mpaka mutamaliza. Maikolofoni ikhale chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera pachibwano, ndipo nthawi zonse pakhale chimkuzamawu cha mabatire pambali, chifukwa magetsi akathima pakati pa okushoni anthu sadikira, amayamba kubalalika.

Tsopano za kakwezedwe ka mtengo, pamene pali nzeru yeniyeni ya ntchitoyi. Musanayambe loti iliyonse muyenera kukhala kale ndi mtengo m'mutu umene katunduyo angagulidwe pamsika. N'chifukwa chake wophunzira wabwino amayendayenda: ku Mchesi kukafunsa mitengo ya mipando ndi mabedi, ku Biwi kukamva za mainjini ndi masipeyala, mu Malangalanga kukaona mitengo ya zipangizo zomangira. Tiyerekeze kuti sofa mukuiona kuti ndi ya K400,000. Mumayamba kupempha pafupi ndi pamenepo kuti anthu amve kulemera kwake, palibe akweza dzanja, mumatsika msanga mpaka K150,000 kapena K200,000 pomwe dzanja loyamba limaoneka. Kuchokera apo kwerani ndi masitepe aakulu, K25,000 kapena K20,000. Manja akayamba kuchepa dulani sitepe pakati, K10,000, kenako K5,000. Cholakwa cha ophunzira ndi kuyamba ndi masitepe ang'onoang'ono. Sofa ya K400,000 mukamaikweza ndi K2,000 anthu amatopa, moto umazima mtengo usanafike, ndipo imagwa pa K260,000. Cholakwa china ndi kulola ogula kukulamulani sitepe. Wina akafuula kuti "ndawonjezera faifi handiredi" pa katundu wa masauzande mazana, muyankheni mwaulemu kuti, "Pepani bambo, panopa tikuyenda ndi teni sauzande." Mukalola kamodzi, tsiku lonse likhala lotero.

Manja akakwera asanu nthawi imodzi musawathamangire onse. Gwirani awiri, muziwasinthanitsa mpaka mmodzi agwe, kenako mutenge wachitatu. Otsalawo sathawa. Anthu ogula kawirikawiri sakweza dzanja kwenikweni, wina amangogwedeza mutu, wina amatukula katalogi pang'ono, wina amatsinzina diso limodzi kuti anzake asaone. Muyenera kuwaphunzira. Koma munthu amene simukumudziwa akakanda m'mutu, mufunseni: "Mayi a chitenje chobiriwira, mwalowa?" Funso limenelo silichedwetsa kanthu poyerekeza ndi mkangano umene ungabuke. Gulu likakhala lalikulu pamafunika wothandiza mmodzi kapena awiri oima m'mbali, amene amafuula "Eya!" akaona dzanja limene inu simunalione. Mgwirizano wanu ukhale womveka: iye amangokuonetsani dzanja, wolandira mtengo ndinu.

Lamulo la kugulitsa katundu limene timatsatira m'dziko muno likunena zinthu zingapo zimene wophunzira aliyense ayenera kuziloweza. Loti iliyonse ndi mgwirizano wakewake. Malonda amatha pamene hamala yagwa, kapena pamene wogulitsa walengeza mwanjira ina yozolowereka kuti zatha. Hamala isanagwe, wogula ali ndi ufulu wobweza mtengo wake. Mwini katundu saloledwa kupikisana nawo pa katundu wake yemwe, kapena kutuma munthu wokweza mitengo, pokhapokha zitalengezedwa poyamba kuti wasunga ufulu umenewo. N'chifukwa chake "kamodzi, kawiri, katatu, yapita!" si mwambo chabe. Pakati pa "kawiri" ndi hamala muyendetse maso kuchokera kumanzere mpaka kumanja, mpaka kumbuyo kwenikweni. Hamala ikagwa, yagwa, ngakhale wina afuule mtengo wokwera kawiri. Anthu awiri akamati onse anali pa mtengo womaliza, tsegulaninso pakati pa awiri okhawo, osati gulu lonse, ndipo zimenezi zikhale zitalembedwa kale m'malamulo a tsikulo.

Pali chizolowezi chimene mudzachiona ndipo ena adzakuuzani kuti ndi luso: kuloza khoma kapena mtengo wa mango n'kunena kuti mwalandira dzanja pomwe palibe munthu. Musachiphunzire. Ogula a ku Lilongwe ndi omwewomwewo, amadziwana, amatembenuka kuyang'ana amene akupikisana naye. Tsiku limene wogula weniweni adzasiya inu muli pa dzanja la khoma, mudzatsala ndi katundu m'manja anthu onse akuona, ndipo mbiri imeneyo imafika ku Biwi dzuwa lisanalowe. Ngati mwini katundu anaika mtengo umene safuna kutsikira, lengezani poyamba kuti loti iyi ili ndi malire. Mtengo ukapanda kufika, nenani poyera kuti sunafike, mulembe dzina la amene anafika pamwamba, mukafunse mwini wake ngati angalole.

Ogula nawonso ali ndi zawo. Ogulitsa magalimoto kapena zitsulo amatha kupangana kunja kwa geti kuti mmodzi yekha ndiye azikweza dzanja, agule motchipa, kenako akagawane okhaokha. Mumawazindikira chifukwa amaima pamodzi, amanyoza katundu mokweza kuti ena agwe ulesi, ndipo pa loti yabwino pamakhala bata lachilendo. Simungawathamangitse. Chimene chimawagonjetsa ndi malire a mtengo oikidwa bwino, ndi kulengeza okushoni mokwanira, mu The Nation kapena The Daily Times, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lisanafike, kuti pabwere anthu wamba ofuna galimoto yoyendera iwo eni.

Ndimalimbikitsa aliyense kukhala kalaliki miyezi isanu ndi umodzi asanagwire hamala, chifukwa okushoni imapambana kapena kugwa patebulo limenelo. Katundu akamafika amalembedwa m'buku: mwini wake, chinthucho, nambala yake ya fakitale ngati ilipo, chilema chilichonse. Mwini amasaina pepala lokupatsani mphamvu yogulitsa, losonyeza komishoni yanu, zina zimene mudzadule, malire a mtengo, ndi tsiku lodzalandira ndalama. Loti iliyonse imamatidwa nambala pamalo awiri, chifukwa pepala limodzi limagwa kapena kusunthidwa ndi dala tsiku loonera katundu. Wogula aliyense amalembetsa ndi chiphaso cha unzika, amalipira dipoziti yobwezedwa, n'kupatsidwa khadi la nambala. Dipoziti ya magalimoto ikhale yolemera ndithu, apo ayi mudzadzaza bwalo ndi anthu okweza manja opanda ndalama. Hamala ikagwa, inu mumatchula zinthu zitatu mokweza, "Loti 37, K85,000, nambala 112", kalaliki amalemba, wogula amaonetsa khadi. Musapite ku loti 38 kalaliki asanadzutse mutu.

Samalani ndi katundu wambiri wofanana. Mipando 20 ya muofesi mukhoza kuigulitsa yonse pamtengo umodzi, kapena mtengo wa mpando umodzi kuchulukitsa ka 20. Nenani kawiri musanayambe, ndipo munenenso musanamenye: "K12,000 mpando umodzi, yonse 20 ikhala K240,000." Pamenepa ndi pamene pamabuka mikangano yambiri kuposa pena paliponse.

Masamu a ndalama akhale oti mwini katundu angathe kuwatsata ndi chala. Sofa ija ikagulidwa K400,000, ndipo munagwirizana komishoni ya K10 pa K100 iliyonse, yanu ndi K40,000. Ngati munalipira K15,000 ya galimoto yonyamula ndipo zinalembedwa, mwini alandira K345,000, ndi pepala losonyeza zonsezi. Ngati pali ndalama ina imene wogula amawonjezera pamwamba pa mtengo wa hamala, kapena msonkho, zilengezedwe okushoni isanayambe, zilembedwenso pachipata. Ndalama za eni katundu zikhale mu akaunti yakeyake, yosiyana ndi imene mumalipirira lendi ndi antchito. Makampani amene ndawaona akutsekedwa anayamba ndi kubwereka pang'ono ndalama za mwini katundu kuti adzabweza okushoni yotsatira. Pa malipiro, musatulutse katundu chifukwa cha uthenga wa pafoni umene wogula akukuonetsani, kaya ndi wa banki, wa Airtel Money kapena wa Mpamba. Mauthenga abodza alipo. Onani mu akaunti yanu kuti ndalama yalowa. Ndalama ya pamanja iwerengedwe ndi anthu awiri, chifukwa mtolo wa ma K5,000 wa galimoto imodzi ndi waukulu ndipo dzanja lotopa limadumpha. Pageti pakhale munthu amene satulutsa kanthu popanda lisiti yodindidwa.

Magalimoto ali ndi zawo. Timagulitsa katundu monga alili, pomwe alili, koma mawu amenewa sakupatsani ufulu wonama. Mukanena kuti injini ikulira, ilire. Musanailembe m'katalogi, yerekezani nambala ya chasisi ndi ya injini zimene zili pagalimoto ndi zimene zili m'bulubuku, ndi maso anu, mutapukuta girizi. Funsani ngati pali ngongole ya banki pagalimotoyo. Magalimoto ochokera ku mabungwe ndi ku maofesi a akazembe nthawi zambiri analowa m'dziko osalipira msonkho wa kasitomu, ndipo wogula sangasinthe umwini ku Road Traffic asanathane ndi bungwe lotolera misonkho la MRA. Mukapanda kulengeza zimenezi, munthu amagula mokondwa kenako n'kupeza kuti msonkho ukufuna mamiliyoni ena, ndipo amabwerera kwa inu. Galimoto imodzi ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu. Katundu wa m'nyumba amayenda maloti 60 mpaka 80 pa ola ngati kalaliki ali wachangu. Katundu wokopa anthu musamuike koyambirira penipeni pamene ena akuimikabe magalimoto, kapena kumapeto pamene matumba aphwa. Muikeni pakati.

Mbali ina ya ntchitoyi ndi yolemera mumtima. Katundu wambiri amene amafika pa okushoni sanabwere mwa kufuna kwa eni ake. Wina walandidwa ndi a sherifu pa chigamulo cha khoti, wina ndi chikole cha ngongole, wina ndi wa malemu amene abale akugawana. Pa katundu wotere mapepala akhale okwanira musanalengeze, ndipo dziwani kuti chiletso cha khoti chikhoza kufika m'mawa wa tsiku lomwelo, kapena munthu wina akhoza kubwera ndi malisiti osonyeza kuti firijiyo ndi yake, osati ya wangongoleyo. Zikatero chotsani lotiyo, musatsutsane nazo pabwalo. Ndipo nthawi zambiri mwini katunduyo amakhala ataima kumbuyo kwa gulu, akuonerera bedi la ana ake likuitanidwa mtengo. Nthabwala zimathandiza pa okushoni, zimamasula anthu, koma pa katundu wotere musaseke za kutha kwa matiresi kapena kuda kwa mapoto. Chimene mungamuchitire munthu ameneyo ndi kumenyera mtengo wabwino, chifukwa kwacha iliyonse yowonjezera ikuchepetsa ngongole yake.

Okushoni ya fodya ndi dziko lina. Misika ya kampani ya AHL ili ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, imayang'aniridwa ndi Tobacco Commission, ndipo nyengo yake imayamba cha mu Epulo. Kumeneko simuima pansanja. Mabelo amandandalikidwa m'mizere, ogula a makampani amayenda mbali imodzi, wogulitsa ndi gulu lake mbali inayo, ndipo belo lililonse limatha m'masekondi owerengeka gulu likuyendabe. Mtengo ndi wa madola ndi masenti a ku America pa kilogalamu, ogula ndi ochepa ndipo amalankhula ndi zala ndi maso. Amene akufuna kukafika kumeneko ayambe waphunzira fodyayo: kusiyanitsa mitundu ya bale, fuluu ndi chikopa, kudziwa masamba a pansi, a pakati ndi a kunsonga, kumva chinyezi ndi dzanja, kuzindikira nkhungu, ndi kudziwa chifukwa chake belo limabwezedwa likapezeka ndi mapulasitiki, nthenga kapena fodya wosakaniza magiredi. Pa belo la makilogalamu 100, kuphonya masenti 5 ndi madola 5 a mlimi amene wadikira chaka chathunthu. Masiku ano fodya wambiri amagulitsidwa pa kontirakiti, choncho malo a oitanira mitengo kumeneko ndi ochepa, ndipo wophunzira asaike mtima wonse pa fodya yekha. Ntchito yochuluka ili ku magalimoto, katundu wa m'maofesi, wa mabungwe amene akutseka mapulojekiti, ndi wa boma amene watha ntchito.

Mukafuna kudziimira panokha, lembetsani bizinesi, tengani nambala ya msonkho ku MRA ndi laisensi ku khonsolo ya mzinda, ndipo pezani malo okhala ndi mpanda, mlonda ndi denga losadontha, chifukwa katundu wa eni akanyowa kapena kubedwa ali m'manja mwanu, wolipira ndinu. Koma musathamangire zimenezo. Pemphani kaye amene akukuphunzitsani kuti akupatseni maloti khumi omalizira, mabuku akale ndi mabaketi, pamene anthu atsala ochepa. Uzani mnzanu akujambuleni pafoni, madzulo mumvetsere, muwerenge kuti ndi kangati pamene munataya nambala, ndi kangati pamene munamenya hamala osayang'ana kumanzere. Okushoni yotsatira mupemphe maloti 20.